Kagalasi ka golide koyeza mmene chitetezo cha m'thupi chimagwirira matenda

BLANTYRE: M'nyengo ya dzinja, udzudzu ukachuluka, mabenchi a pa zipatala zazing'ono za Chileka ndi Lirangwe m'boma la Blantyre amadzaza m'mamawa ndi amayi obereka ana otentha thupi. Wazaumoyo amabaya chala cha mwana, kudontheza magazi pang'ono pa kachipangizo koyera kapulasitiki, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 pamaoneka mzere umodzi kapena iwiri. Mizere iwiri ndiye kuti ndi malungo, ndipo mwanayo amalandira mankhwala a LA.

Kachipangizo kameneka kanayamba kugwiritsidwa ntchito m'zipatala za boma m'dziko muno m'chaka cha 2011. Chisanafike chaka chimenecho, odwala ambiri m'madera akumidzi ankapatsidwa mankhwala a malungo pongoona zizindikiro, kaamba koti maikulosikopu ndi anthu odziwa kuigwiritsa ntchito anali ochepa. Popeza Blantyre ilibe chipatala cha boma chonga cha maboma ena, ndipo wodwala kwambiri amayenera kutumizidwa ku chipatala cha Gulupu mumzinda, yankho la kachipangizoka ndi limene kawirikawiri limagamula ngati mwana abwerere kunyumba ndi mankhwala kapena afufuzidwe matenda ena.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mzere wachiwiriwo umaoneka chifukwa cha tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa ma antibodi, timene tinaikidwa m'kachipangizoka ku fakitale. Tinthu timeneti tikamagwira mofooka, mwana wodwala malungo angauzidwe kuti alibe. Tikamagwira chilichonse chimene takumana nacho, mwana wodwala chibayo angapatsidwe LA n'kubwezedwa kunyumba. N'chifukwa chake akatswiri a sayansi amafuna kudziwa kagwiridwe ka antibodi iliyonse asanaidalire, ndipo chida chachikulu chimene amayezera kagwiridweko ndi kagalasi kakang'ono kokutidwa ndi golide, kamene pa Chingerezi amakatcha sensor chip.

Kuchuluka kokha sikukwanira

Amalawi ambiri anazolowera mawu akuti asilikali a m'thupi, makamaka pa nkhani ya kachirombo ka HIV ndi chiwerengero cha CD4. Ma antibodi si asilikaliwo ayi, koma ndi zida zimene gulu lina la asilikaliwo limasula n'kuzitaya m'magazi. Antibodi ndi puloteni yooneka ngati mphanda ya legeni, ndipo nsonga zake ziwiri zimapangidwa moti zigwire malo amodzi okha pa thupi la kachirombo. Yosulidwira chikuku siigwira kachirombo ka tayifodi.

Kwa zaka zambiri, funso limene a labotale ankatha kuyankha linali lakuti ma antibodi alipo kapena palibe, ndipo ngati alipo ndi ochuluka bwanji. Njira yotchuka yoyankhira funsoli ndi ya ELISA, imene Eva Engvall ndi Peter Perlmann anaitulukira ku Stockholm m'dziko la Sweden mu 1971, ndipo ikugwirabe ntchito m'malabotale a mumzinda wa Blantyre. Mwachitsanzo, pakati pa chaka cha 2020, akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anayeza magazi a anthu 500 ogwira ntchito zachipatala mumzindawu ndipo anapeza kuti pafupifupi 12 mwa 100 alionse anali kale ndi ma antibodi a Covid-19, patangotha miyezi yochepa matendawa atapezeka koyamba m'dziko muno pa 2 Epulo chaka chomwecho.

Koma kuwerenga kotereku kumabisa kanthu kena. Munthu wodutsa m'munda wosapalira amatuluka buluku litadzaza chisoso. Chisoso chimakakamira msanga ndiponso chochuluka, koma kungosasa ndi dzanja chimayoyoka. Nkhupakupa imodzi yokha ikaluma ng'ombe, imatha masiku ili pomwepo. Anthu awiri angakhale ndi ma antibodi ofanana kuchuluka kwake, wina ake ali ngati chisoso, mnzake ali ngati nkhupakupa, ndipo chitetezo chawo sichingafanane.

Thupi nalo limadziwa zimenezi. Ma antibodi oyamba amene limapanga likangokumana ndi kachirombo amakhala ogwira mofooka. M'masabata ndi miyezi yotsatira, mkati mwa timanthongo ta m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, timene tikatupa anthu amati mwanabere, maselo opanga ma antibodi amachulukana uku akusintha pang'onopang'ono, ndipo amapikisana. Amene antibodi yake yagwira zolimba ndiye amapulumuka n'kubereka ena, pamene ofookawo amafa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akatemera ambiri amaperekedwa kangapo. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene dziko la Malawi linali loyamba kumupereka kwa ana pa 23 Epulo 2019 m'ndondomeko yoyeserera ya m'maboma 11, amabayidwa kanayi. Mayi amene wasiyira panjira ulendo wa ku sikelo amadula mpikisano umenewu usanathe.

Nzeru yomweyi yagwiritsidwapo ntchito m'boma la Blantyre pa nkhani ya Edzi. Mu 2019 unduna wa zaumoyo unayamba kufufuza kumene kachirombo ka HIV kakufala kwambiri pogwiritsa ntchito kachipangizo ka mizere itatu, ndipo Blantyre inali m'gulu la maboma oyamba. Mzere wachitatu umaoneka pokhapokha ngati ma antibodi a munthuyo akhwima moti akugwira zolimba, kusonyeza kuti anatenga kachiromboka kalekale. Ukapanda kuoneka, ndiye kuti mwina anakatenga m'miyezi 12 yapitayo. Kalembera wa MPHIA wa mu 2020 ndi 2021, amene anapeza kuti anthu 8.9 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi kachiromboka ndiponso kuti pafupifupi 20,000 amakatenga pa chaka, anadaliranso kuyeza kukhwima kwa ma antibodi kuti asiyanitse otenga kumene ndi akale.

Njira zimenezi zimangonena kuti kugwira n'kolimba kapena n'kofooka. Kagalasi ka golide kamapitirira pamenepo, chifukwa kamaonetsa kugwirako pamene kukuchitika, sekondi ndi sekondi, kuyambira pogwira mpaka posiya.

Mmene kagalasika kamagwirira ntchito

Kagalasika ndi kakang'ono ngati chikhadabo cha chala, ndipo kamakhala m'kachikwama kapulasitiki kotchinga fumbi. Mbali yake imodzi inakutidwa ndi golide wopyapyala kwambiri, wochindikala mananomita 50. Nanomita ndi gawo limodzi la milimita itagawidwa ka 1,000,000. Kuti golide wotereyu afanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu, pafunika kusanjikiza zikutiro zoposa 1,000.

Pamwamba pa golideyo, pa timagalasi tambiri, pamakhala ulusi wosaoneka wa dextran, umene ndi mtundu wa shuga wolumikizana ngati unyolo. Ulusiwu uli ngati udzu wa m'dambo umene umagwedezeka m'madzi. Ntchito yoyamba ya katswiri ndi kumangirira pa ulusiwo puloteni imene akufuna kuti ikhale nyambo, mwachitsanzo puloteni ya pa khungu la kachirombo ka malungo. Akatero amalowetsa kagalasiko m'makina aakulu ngati firiji yaing'ono ya patebulo.

M'makinamo muli timipaipi topyapyala timene timayendetsa madzi apadera pamwamba pa golide mosalekeza, ngati ngalande ya m'dimba. Kunsi kwa kagalasi, mbali yopanda madzi, nyali imawalitsa kuwala kumene kumagunda golide n'kubwerera, monga dzuwa limanyezimirira pa malata. Apa ndi pamene pali chinsinsi chonse. Kuwalako kukafika mopendekeka pa mlingo wina wake, sikubwerera konse: mphamvu yake ina imamwedwa ndi ma elekitironi a m'golide, amene amayamba kugwedezeka pamodzi ngati mafunde a pa nyanja. Pa mlingo umenewo pamaoneka kamthunzi pakati pa kuwala kobwerera. Akatswiri amatcha zimenezi surface plasmon resonance, kapena mwachidule SPR.

Malo amene kamthunzi kameneka kamagwera amadalira zimene zili pafupi penipeni ndi golide kumbali ya madzi, pa mtunda wa mananomita mazana awiri kapena atatu okha. Ma antibodi akabwera ndi madzi n'kuyamba kugwira nyambo, zinthu zimachuluka pa golidepo, ndipo kamthunziko kamasuntha. Akasiya n'kukokoloka, kamabwerera kumene kanali. Makinawo amangolondola kamthunziko n'kumalemba pa kompyuta.

Tinganene kuti ndi sikelo, koma yoyeza ndi kuwala. Muyeso wake umatchedwa RU, ndipo ma RU 1,000 amafanana pafupifupi ndi nanogalamu imodzi ya puloteni pa kamalo kotalika milimita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Nanogalamu ndi gawo limodzi la galamu itagawidwa ka 1,000,000,000, ndipo makina a masiku ano amazindikira kusintha kosakwana RU imodzi. Ubwino wina ndi wakuti antibodi siifunika kupakidwa utoto kapena mankhwala onyezimira kuti ioneke, monga zimachitikira pa njira zina, zimene nthawi zina zimasokoneza kagwiridwe kake.

Pa kompyuta pamatuluka mzere wonga chitunda. Poyamba umayenda chogona, pamene pakudutsa madzi okha. Ma antibodi akalowa umakwera, ndipo kutsetsereka kwa chikwezacho kumasonyeza changu chimene akugwirira. Kenako katswiri amatseka ma antibodi n'kubwezeretsa madzi okha, ndipo mzere umayamba kutsika. Gawo limeneli ndi limene odziwa ntchito amaliyang'anitsitsa. Pa antibodi yofooka, theka la amene anagwira amakhala atasiya pomatha mphindi imodzi. Pa yamphamvu, pamatha maola awiri kapena kuposa theka lisanachoke, ndipo mzere umaoneka ngati sukutsika n'komwe. Pomaliza amathira madzi owawasa pang'ono amene amachotsa ma antibodi otsala osaononga nyambo, ndipo kagalasiko kamakonzeka kulandira ena. Kagalasi kamodzi kangagwire ntchito maulendo makumi ambiri.

Liwiro la kusiya likagawidwa ndi liwiro la kugwira, pamatuluka nambala imodzi yotchedwa KD. Nambalayi ikachepa ndiye kuti kugwira n'kolimba. Komabe ma antibodi awiri angakhale ndi KD yofanana koma khalidwe losiyana: wina wogwira msanga n'kusiyanso msanga, wina wochedwa kugwira koma wosasiya. Kusiyana kumeneku si nkhani ya m'kalasi chabe. M'kachipangizo koyezera malungo, magazi amadutsa pa mzere kwa kanthawi kochepa, choncho pafunika antibodi yachangu. Koma antibodi yoti ibayidwe m'thupi ngati mankhwala, ikhale miyezi ikuteteza munthu, imafunika kukhala yosasiya wamba.

Chodabwitsa n'chakuti golide ali ku Lirangwe komwe. Mtundu wofiirira wa mizere ya pa zipangizo zambiri zoyezera malungo ndi HIV umachokera ku tizidutswa ta golide tating'onoting'ono tomangiriridwa pa ma antibodi, ndipo timaoneka tofiira osati tachikasu chifukwa cha kugwedezeka komwe kuja kwa ma elekitironi kuwala kukatigunda.

Kumene lusoli linachokera

Kamthunzi kachilendo ka m'kuwala kobwerera pa chitsulo kanaonedwa koyamba ndi Robert Wood wa ku America mu 1902, koma panapita zaka zoposa 60 kuti Andreas Otto ndi Erich Kretschmann a ku Germany, aliyense payekha, asonyeze mu 1968 njira yokadzutsira mwadala. Mu 1983 Bo Liedberg, Claes Nylander ndi Ingemar Lundström a pa yunivesite ya Linköping ku Sweden anaonetsa kuti njirayi ingazindikire ma antibodi akamagwira. Kampani ya Pharmacia ya ku Uppsala inatenga nzeruyi, ndipo mu 1990 inayamba kugulitsa makina otchedwa Biacore, amene dzina lake likadali lotchuka ngakhale eni ake asintha kangapo. Pakati pa zaka za m'ma 2000 kunabweranso njira ina yotchedwa BLI, imene m'malo moyendetsa madzi pa kagalasi imaviika timitengo tagalasi tonga singano m'timabowo tokhala ndi ma antibodi.

Makinawa anafika pa nthawi yake. Mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein a ku Cambridge anali atapeza njira yopangira antibodi ya mtundu umodzi yochuluka mu labotale, ntchito imene inawapezetsa mphoto ya Nobel mu 1984. Kuchokera pamenepo makampani ankatha kupanga ma antibodi mazanamazana olimbana ndi chinthu chimodzi, ndipo vuto linasanduka lakuti asankhe iti.

Zimene kagalasika kaonetsa

Matenda a Covid-19 atangobuka, akatswiri a ku University of Texas ndi a bungwe la National Institutes of Health ku America anamangirira pa kagalasi puloteni yonga minga ya kachirombo ka korona, n'kuyendetsapo puloteni ya ACE2, imene ili ngati khomo lolowera m'maselo a munthu. Mu Febuluwale 2020 analengeza kuti kachirombo katsopanoka kamagwira khomolo mwamphamvu kuposa ka SARS ka mu 2003 maulendo 10 mpaka 20. Magulu ena amene anayeza mwa njira zosiyanako anapeza kusiyana kocheperapo. Pamenepa pali chenjezo: nambala yotuluka m'makinawa imadalira mmene katswiri wakonzera kagalasi kake.

Pa nkhani ya HIV, magazi a Amalawi athandiza dziko lonse. Vuto la kachiromboka ndi lakuti kamasintha khungu msangamsanga, moti ma antibodi a anthu ambiri amagwira mtundu wa dzulo pamene ka lero kasintha kale. Koma mwa anthu owerengeka, patapita zaka, thupi limasula ma antibodi otha kugwira mitundu yambiri. Mu 2017 akatswiri a pa Duke University ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa Mmalawi wina, amene dzina lake limasungidwa mwachinsinsi, yemwe anamutsatira kwa zaka zisanu kuchokera pamene anatenga kachiromboka. Anatha kulondola mzere wa makolo wa ma antibodi ake, kuyambira kwa kholo logwira mofooka mpaka kwa zidzukulu zogwira mitundu yambiri ya kachiromboka. Pa kafukufuku wa mtundu umenewu, makina oyeza kagwiridwe ndi amene amasonyeza kuti ndi puloteni iti imene kholo lija lingaigwire, ndipo cholinga ndi kupanga katemera wotsogolera thupi la munthu wina aliyense m'njira yomweyo. Katemera wotero sanapezekebe.

Amayi a ku Blantyre ndi Lilongwe analinso m'gulu la amayi oposa 1,900 a m'maiko asanu ndi awiri a mu Africa amene kuyambira mu 2016 anatenga nawo mbali pa kafukufuku wa AMP. Iwo ankalandira kudzera m'diripi, pa masabata asanu ndi atatu alionse, antibodi yopangidwa mu labotale yotchedwa VRC01. Zotsatira zimene zinalengezedwa mu Januwale 2021 zinali zowawa ndi zokoma pamodzi. Antibodiyi siinachepetse kutenga kachiromboka mwa onse, koma pa mitundu ya HIV imene inkagonja kwa iyo mu labotale inateteza ndi pafupifupi 75 pa 100. Vuto linali lakuti mitundu yotereyo inali yochepa, pafupifupi itatu mwa khumi iliyonse. N'chifukwa chake kafukufuku wotsatira anayamba kuphatikiza ma antibodi awiri kapena atatu ogwira malo osiyana.

Nkhani ya tayifodi ndi yosangalatsa kuposa apa. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera watsopano wa matendawa, woyamba wa mtundu wake mu Africa. Katemerayu anateteza pafupifupi ana 80 mwa 100 alionse, ndipo patatha zaka zinayi chitetezocho chinali chikadali pa 78. Izi ndi zimene zinatsegula njira yoti mu Meyi 2023 boma lipereke katemerayu kwa ana a miyezi isanu ndi inayi mpaka zaka 14 m'dziko lonse, kuphatikizapo a m'midzi ya ku Chileka ndi Lirangwe. Funso limene akatswiri akulimbana nalo ndi lakuti n'chiyani m'magazi a mwana chimene chingasonyeze kuti akadali wotetezeka, kuti adziwe ngati pafunika kubaya kachiwiri komanso liti. Kafukufuku wa ku Oxford ku England, kumene anthu odzipereka anabayidwa katemera kenako n'kumwetsedwa dala tizirombo ta tayifodi moyang'aniridwa ndi madokotala, anasonyeza kuti kuwonjezera pa kuchuluka kwa ma antibodi, mtundu wake ndi kulimba kwa kagwiridwe kake zinali ndi gawo pa kusiyanitsa amene anadwala ndi amene sanadwale.

Malire ake

Kagalasika kamanena kuti antibodi yagwira, koma sikanena kuti kachirombo kafa. Antibodi ingakakamire zolimba pamalo opanda ntchito pa thupi la kachirombo, ngati munthu wogwira ng'ona kumchira. Choncho zotsatira za makinawa zimayenera kutsimikizidwa poika antibodiyo pamodzi ndi kachirombo ndi maselo amoyo, ndipo pomaliza pa anthu enieni.

Makinawanso ndi osavuta kunamiza. Popeza amangoyeza kuchuluka kwa zinthu pa golide, sadziwa kusiyanitsa antibodi ndi zinyalala zina zimene zamatirira. Pa chifukwa chimenechi madzi amadutsanso pa kanjira kachiwiri kopanda nyambo, ndipo zimene zalembedwa kumeneko zimachotsedwa pa zotsatira. Kathovu kamodzi ka mpweya m'kapaipi, kapena kusintha pang'ono kwa kutentha, kumadumphitsa mzere. Katswiri akachulutsa nyambo pa kagalasi, antibodi imagwira ndi nsonga zonse ziwiri, kapena ikasiya apa imagwiranso pafupi, ndipo yofooka imaoneka ngati yamphamvu. Magazi a munthu nawo amavuta kuposa antibodi ya mu botolo, popeza muli ma antibodi a mitundu yosawerengeka osakanikirana. Pa magazi otere, chimene akatswiri amadalira kwambiri ndi liwiro la kusiya, chifukwa silidalira kudziwa kuchuluka kwa ma antibodiwo.

Chotchinga chachikulu kwa maiko ngati Malawi ndi ndalama. Makina apamwamba a mtunduwu amaposa madola a ku America 100,000, timagalasi take timagulidwa kunja ndipo timasungidwa mozizira, ndiponso kuyeza kumodzi kungatenge usiku wonse, moti magetsi akathima pakati ntchito yonse imayambidwanso. Makina ambiri otere ali ku Ulaya, ku America, ku Asia ndi ku South Africa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene magazi ena otengedwa pa kafukufuku m'dziko muno amaumitsidwa n'kutumizidwa kunja.

Nkhani ya magazi opita kunja ndi yofunika kuikamba poyera, chifukwa kusamvetsa kwaphetsapo anthu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zimene zinayambira ku Mulanje ndi Phalombe zinafika mpaka ku Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo ntchito zina zaumoyo m'midzi zinaima. Zoona zake n'zakuti magazi otengedwa pa kafukufuku amakhala ochepa, kawirikawiri supuni yaing'ono imodzi kapena zingapo, ndipo makina a kagalasi amafuna ochepa kuposa dontho. Magazi oterowo sangathiridwe mwa munthu wina. Malamulo a dziko lino salola kafukufuku wa zaumoyo kuyamba asanavomerezedwe ndi komiti ya National Health Sciences Research Committee kapena komiti yonga iyo ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo kutumiza magazi kunja kumafuna pangano lolembedwa lonena kumene akupita ndi chimene akukayezedwa. Munthu wopemphedwa kulowa m'kafukufuku ali ndi ufulu womuwerengera chikalata chachilolezo m'chinenero chimene amamva, kufunsa kumene magazi ake akupita, kukana, ngakhalenso kutuluka pakati popanda kumanidwa chithandizo cha kuchipatala.

Kachirombo ka malungo kayamba kubisala

Zipangizo zambiri zoyezera malungo mu Africa zimasaka puloteni imodzi yotchedwa HRP2, imene kachirombo ka Plasmodium falciparum kamatulutsa yochuluka m'magazi. Puloteniyi ndi yosavuta kuigwira popeza ili ndi zigawo zobwerezabwereza, moti ma antibodi angapo angaigwire nthawi imodzi. Imachedwanso kutha m'thupi, n'chifukwa chake mwana amene wamaliza LA n'kuchira angaonetsebe mizere iwiri patapita masabata angapo. Kholo likabwerera ku chipatala ndi mwana wotenthanso thupi, liyenera kuuza wazaumoyo tsiku limene mwanayo anamaliza mankhwala, kuti asaphonye matenda ena.

Koma mu 2010 akatswiri analengeza kuti ku Peru kwapezeka tizirombo ta malungo tosatulutsa HRP2 n'komwe. Pambuyo pake tinapezekanso tochuluka ku Eritrea, Ethiopia ndi Djibouti. Munthu wodwala malungo a mtundu umenewu angaonetse mzere umodzi wokha, ngakhale tizirombo tili m'magazi. Dziko la Eritrea linakakamizika kusiya zipangizo zodalira HRP2 mu 2016. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti dziko lisinthe zipangizo ngati odwala malungo oposa asanu mwa 100 alionse akuphonyedwa pa chifukwa chimenechi, ndipo limapempha maiko onse okhala ndi malungo kuti azifufuza.

Cholowa m'malo chilipo, ndipo ndi puloteni ina ya kachiromboka yotchedwa LDH, imene kachirombo sikangakhale ndi moyo popanda iyo. Vuto n'lakuti LDH imapezeka yochepa m'magazi ndipo ilibe zigawo zobwerezabwereza zija, moti zipangizo zakale zoisaka zinkaphonya odwala okhala ndi tizirombo tochepa. Kuti mzere uoneke bwino pafunika ma antibodi awiri, ogwira msanga, osasiya, ogwira malo osiyana pa puloteniyo kuti asalimbirane, osasokonezedwa ndi LDH ya munthu mwini, komanso otha kupirira kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'chipinda chosungiramo mankhwala cha ku Lirangwe. Mwa zofunika zisanuzi, zinayi zoyambazo zimayezedwa pa kagalasi ka golide, ndipo chachisanu amachiyesa poika zipangizo zomalizidwa m'mauvuni a mu labotale kwa masiku ambiri asanazitumize ku zipatala.